Eti kompyuta ingayese ukonde usanalowe m'madzi?

FUNSO: Akonzi, ine ndi msodzi, ndili ndi chilimira changa chimodzi. Mphwanga amene ali ku koleji akuti kunja amayesa ukonde pa kompyuta usanalukidwe nkomwe, eti amadziwiratu mmene ukakhalire pansi pa madzi. Ine ndamuuza kuti asandipusitse, ukonde umangopindikapindika mmene madzi afunira ndiye kompyuta ingaudziwe bwanji? Msodzi, Nkhotakota

YANKHO: Bambo, mnyamatayo sakukunamizani ayi, zimachitikadi. Kompyuta siiona ukonde ngati mmene mumauonera inu pa mchenga, iyo imangowerenga mfundo ndi ulusi basi. Mfundo iliyonse amaipatsa kulemera kwake, kaulusi kochoka pa mfundo ina kupita pa inzake amakatenga ngati lasitiki, kukoka kamatamuka koma kukankha kamangokhwepa, ndiye amaonjezapo mphamvu ya madzi, zoyandamitsa za kumwamba ndi zolemetsa za pansi, kenako makinawo amabwereza masamu kambirimbiri mpaka mphamvu zonse zitafanana pa mfundo iliyonse. Pamenepo ndiye chithunzi cha ukonde chimatuluka.

Vuto ndi loti maso a ukonde waukulu ndi ochuluka zedi, kuwerenga limodzilimodzi kompyuta imachedwa. Katswiri wina Daniel Priour wa ku bungwe lofufuza za m'nyanja la Ifremer ku France mu 1999 anatulutsa njira yodula ukondewo m'zigawo za makona atatu, chigawo chimodzi n'kumaimira maso ambiri.

Tsono zomwe masamuwa amaonetsa ndi zimene zikukukhudzani inu. Mukakoka ukonde mwaliwiro kawiri kuposa poyamba, madzi amaukaniza pafupifupi kanayi, nchifukwa chake injini imamwa mafuta modabwitsa mukangoonjezera moto pang'ono. China, diso wamba lija likakokedwa m'litali limatsinzina, ndiye mutha kunena kuti ukonde wanga ndi wa maso akulu koma nsomba zikadzaza kuthumba maso a kutsogolo kwake amatsekeka, tinsomba tating'ono tosayenera kugwidwa n'kusowa potulukira. Ku Europe ena amatembenuza nsalu ya ukonde chopingasa, amati T90, kuti maso azikhala otseguka ngakhale pokoka.

A makheji oweteramo nsomba, ngati a salmon ku Norway, amadaliranso masamu omwewa, chifukwa madzi akamathamanga kheji imafinyika nsomba n'kupanikizana, ndere zikamera pa ulusi ndiye zimanyanya. Amene akuweta chambo m'makheji ku Mangochi funso lawo ndi lomwelo nthawi ya mwera.

Koma kukayikira kwanu kuli ndi pake. Kompyuta imayankha molingana ndi manambala omwe mwaipatsa, ukonde wakale wosokasoka wa zigamba suchita ngati watsopano wa m'sitolo. Ndiye akatswiriwo amalukabe kaukonde kakang'ono n'kukakayesa m'thanki ya madzi oyenda ngati ya ku Hirtshals ku Denmark, kumayang'ana pa galasi kuti aone ngati masamu ndi madzi zagwirizana. Mphwanuyo mumufunse ngati angayese chilimira chanucho, koma ayambe wabwera kudzayeza ulusi ndi maso ake kudooko komweko.