Kodi makina angandisinthire ma loop akale a JavaScript?

Wowerenga wina wa ku Zomba wanditumizira imelo iyi, ndipo ndaifupikitsa pang'ono: "Kuntchito andipatsa pulogalamu ya JavaScript imene inalembedwa kalekale. Ili ndi ma loop ambirimbiri a mtundu wa `for (var i = 0; i < x.length; i++)`. Ndikufuna onse akhale amakono, monga forEach kapena map, koma pamanja mwezi ungathe. Kodi pali chida chimene chingasinthe chokha? Nanga n'chodalirika?"

Zida zilipo achimwene, ndipo zina n'zabwino ndithu. Koma ndikupempheni kuti musinthe cholinga. Musafune kuti makina akupatseni forEach kapena map. Afunseni `for...of` basi, ndipo map ndi filter muzilemba nokha pamene mwaona kuti zikuyenera.

Tiyambe ndi zidazo. Chosavuta kwambiri ndi ESLint, chida chofufuza zolakwika mu code ya JavaScript, imene Nicholas Zakas anayambitsa mu 2013. Mukayatsa malamulo a `no-var` ndi `prefer-const` n'kuiyendetsa ndi `--fix`, imasintha `var` kukhala `let` kapena `const`. Chimene ndimaikondera n'chakuti ikakayika imasiya malowo mmene alili, n'kungokuuzani kuti muyang'anepo. Mukawonjezera eslint-plugin-unicorn mumapeza lamulo la `no-for-loop`, limene limasandutsa loop yowerenga ndi `i` kukhala `for...of`. Ngati `i` akufunikabe mkatimo, limalemba `for (const [i, chinthu] of x.entries())`. Palinso Lebab, imene dzina lake ndi Babel lowerengedwa chafutambuyo: Babel imabweza code yamakono kukhala yakale kuti ma browser akale aimve, pomwe Lebab imachita zosemphana ndi zimenezo. Ndipo ngati code yanu ili ndi kalembedwe kakekake, pali jscodeshift yochokera ku Facebook, imene mumalembera nokha malamulo a kasinthidwe.

Zida zonsezi sizifufuza mawu n'kuika ena mmalo mwake ayi. Zimawerenga fayilo, n'kuiphwanya kukhala mtengo wa zigawo wotchedwa AST, zimasintha nthambi zimene zikufanana ndi zomwe zikufuna, kenako zimalembanso fayiloyo. Choncho musayese kuchita ntchitoyi ndi regex, njira yongofufuza mawu n'kuwasintha, mudzalira. Koma mtengowo umangoonetsa maonekedwe a code. Suuza makina chimene chili mkati mwa `x` pulogalamu ikamayenda. Zili ngati chigayo: mukathiramo chimanga chili ndi timiyala, chimagaya zonse limodzi osafunsa.

Apa m'pamene pagona nkhani, ndiye ndikhalitsapo.

forEach inabwera ndi ES5, mtundu wa JavaScript wa mu 2009, pamodzi ndi map, filter ndi reduce. Ndi yakale kuposa `for...of`, imene inabwera ndi ES2015. Ndiye amene amati forEach ndiyo yamakono akulakwitsa ngakhale pa zaka. Koma vuto lenileni n'lakuti mkati mwa forEach muli function ina yapayokha. `break` sagwira ntchito mmenemo. `return` amene poyamba ankatulutsa munthu mu function yonse, tsopano amangolumphira ku chinthu chotsatira, ndipo palibe uthenga uliwonse wokuchenjezani. Loop imene inkafufuza dzina n'kuima ikalipeza imayamba kuyenda mpaka kumapeto, n'kubweza `undefined`.

Choopsa koposa ndi `await`. Tinene kuti pulogalamu yanu imatumiza ma SMS kwa makasitomala mmodzimmodzi, kudikira kuti woyamba apite isanatumize wachiwiri. Mu `for` wamba ndi mu `for...of` kudikirako kumachitika. forEach sidikira munthu: imayambitsa zonse nthawi imodzi n'kupitirira, ndipo code ya pansi pake imalengeza kuti ntchito yatha uthenga ngakhale umodzi usanafike. Ukalephera wina, `try...catch` amene ali kunja kwa loop sauona n'komwe.

`for...of` alibe mavuto amenewa, chifukwa `break`, `continue`, `return` ndi `await` zonse zimagwira monga kale. N'chifukwa chake ndimati ndiye woyenera kusiyira makina. Komabe nayenso ali ndi mbuna zake. Amafuna chinthu chimene chili ndi `Symbol.iterator`, njira imene imamupatsa zamkati mwake chimodzichimodzi. Code yakale imakonda kukhala ndi ma object amene ali ndi `length` ndi manambala, ooneka ngati array koma osakhala array. Loop yakale inkawayenda bwinobwino, pomwe `for...of` amaponya TypeError. Pa string, `x[i]` amawerenga tizigawo ta UTF-16, pomwe `for...of` amawerenga chilembo chathunthu. Pa mawu wamba kusiyana palibe, ngakhale pa ŵ, koma emoji zambiri zimatenga tizigawo tiwiri. Ngati penapake mumawerengera kutalika kwa uthenga ndi loop yotere, nambala idzasintha.

Kenako pali ma loop amene amasintha array akuiyenda. Mukaona loop yoyambira kumapeto kubwerera kumayambiriro, ndi `i--`, ndipo mkati muli `splice`, dziwani kuti amene anailemba sanali wopusa. Ankapewa kulumpha zinthu pamene zina zikuchotsedwa. Chimodzimodzinso ndi zimene `getElementsByClassName` amabweza: mndandanda umenewo ndi wamoyo, umafupika wokha mukachotsa class pa chinthu. Malo otere ndi oti munthu akhale pansi aganize. Nthawi zambiri yankho lake ndi `filter` wolembedwa ndi manja.

Za `var` ndi `let` ndingonena mwachidule. `let` amapereka `i` watsopano ulendo uliwonse wa loop, pomwe `var` ndi mmodzi yemweyo. Kawirikawiri kusinthaku kumakonza cholakwika chakale cha `setTimeout`, pamene code yoyenda pambuyo pake imapeza `i` atafika kale kumapeto, koma ngati `i` amagwiritsidwa ntchito loop itatha, `let` adzathyola pulogalamu. Ndipo `for...in` musamusokoneze ndi `for...of`, `for...in` amayenda pa mayina a zamkati mwa object, ndipo mlowammalo wake ndi `Object.keys` kapena `Object.entries` ya mu ES2017.

Nanga map ndi reduce? Loop imene imangochita `push` mu array yatsopano ikhoza kukhala map, inde. Koma kudziwa kuti loop ikuchita chinthu chimodzi chokhacho, osalembanso kwina kapena kusintha variable yakunja, kumafuna womvetsa cholinga cha pulogalamuyo. Za reduce ndili ndi maganizo anga: theka la ma reduce amene ndimakumana nawo akanawerengeka bwino akanakhala loop wamba. Anthu sagwirizana pa izi, n'zoona. Malamulo a kalembedwe a Airbnb amaletsa `for...of` n'kulimbikitsa map ndi forEach, pomwe unicorn ili ndi lamulo lochotsa forEach. Chifukwa china cha Airbnb chinali chakuti Babel ikamasandutsa `for...of` kuti ayende pa ma browser akale, code inkanenepa. Internet Explorer 11, imene sinkamva `for...of`, Microsoft inasiya kuisamalira mu 2022. Koma ngati ogwiritsa ntchito anu ali ndi mafoni akale ndipo amagula bandulo yochepa, yang'anani ma browser amene mwauza Babel kuti iziwaganizira, ndipo yerekezani kukula kwa fayilo musanasinthe ndi mutasintha.

Ine ndikanakhala inu ndikanachita motere. Ndikanayamba ndaona ngati pali ma test. Ngati palibe, ndikanalemba ochepa pa magawo okhudza ndalama ndi mauthenga, chifukwa popanda iwo simudzadziwa chimene chathyoka mpaka kasitomala ataimba foni. Kenako `no-var` ndi `prefer-const` pazokha, commit yakeyake (commit ndi gulu la zosintha losungidwa pamodzi mu git). Kenako `no-for-loop`, foda imodzi pa nthawi, ndikuwerenga `git diff`, imene imaonetsa zimene zasintha, mzere ndi mzere, makamaka kufunsa pa loop iliyonse kuti `x` ameneyu ndi array weniweni kapena ayi. Ngati pulogalamu ili ndi TypeScript, imene imasonyeza mtundu wa variable iliyonse, funsoli limayankhika msanga. Musasakanize kusintha kotereku ndi kukonza zolakwika zina mu commit imodzi, kuti chikavuta mungobweza commit imeneyo osataya ntchito ina. Ma loop amene makina awakana asiyeni mpaka tsiku limene mudzafunike kukonza china mu fayilo imeneyo.