Kwa amayi amene mwafunsa za mpikisano wojambula za mumlengalenga

Amayi, ndaona funso lanu: mwana wanu wa Sitandade 5 walowa mpikisano wojambula za kafukufuku wa sayansi wochitikira mumlengalenga, koma akungojambula roketi ndi mwezi, ndiye mukuganiza zopeza waluso woti amujambulire. Chonde musatero. Ine ndimaphunzitsa ku pulayimale konkuno ku Mzuzu, ndipo chithunzi chojambula munthu wamkulu timachizindikira tisanachigwire n'komwe. Chimene chikusowa kwa mwanayo si luso ayi. Palibe amene wamufotokozera zimene anthu amachita akafika kumeneko, pomwe roketi ndi chokwera chabe.

Yambani ndi International Space Station, nyumba ya kafukufuku imene ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi pano. Muuzeni kuti mutaimika chilili msewu wochoka kuno kukafika ku Lilongwe, mungatsale pang'ono kuigunda. Imazungulira dziko lonse m'mphindi pafupifupi 90, moti okhalamo amaona dzuwa likutuluka ka 16 pa tsiku, ndipo chiyambire November 2000 sinakhalepo yopanda munthu. Mkatimo zinthu zimayandama, chifukwa nyumbayo ndi zonse zili m'menemo zimakhala zikugwera limodzi kwinaku zikuzungulira dziko. Kafukufuku wambiri wa kumeneko amachokera pa funso limodzi: chinthu chakutichakuti chimatani chikasowa pansi?

Tsiku lina magetsi atazima kwathu ku Chibavi, ndinayatsa kandulo n'kufunsa mwana wanga wamkazi chifukwa chake lawi limasongoka kuloza kudenga. Anaika kadzanja kake pamwamba, n'kukachotsa msangamsanga. Kenako anakaika m'mbali, n'kunena kuti, "Amama, kuno sikukuwotcha." Yankho linali lomwelo: mpweya wotentha umakwera, wozizira n'kulowa mmunsi, ndiye lawi limatalika. Kumwambako mpweya wotentha sukwera, choncho lawi limabulungira ngati kampira, lofooka, labuluu. Mawa lake anajambula makandulo awiri papepala limodzi, wa kwathu ndi wa kumwamba. Mizere inali yokhotakhota, koma aliyense woona ankaima n'kufunsa. Chithunzi chotere ndiye chimene mukufuna.

Nkhani ina imene ana amaikonda ndi ya akangaude awiri, Arabella ndi Anita, amene anatumizidwa ku Skylab, nyumba ina ya kafukufuku ya mumlengalenga, mu 1973. Amene anabweretsa ganizoli anali mtsikana wa sukulu ku America, yemwe ankafuna kudziwa ngati kangaude angaluke ukonde wake kumalo kopanda pansi. Ukonde woyamba unali wosokonekera, koma patapita masiku ochepa kangaude anazolowera n'kuluka bwino. Izi muuzeni ndithu, adziwe kuti funso la mwana wa sukulu linakwerapo chombo.

Palinso za mbewu. Mu August 2015 anthu a pa International Space Station anadya letesi wolimidwa momwemo, pansi pa magetsi ofiirira, chifukwa ulendo wautali ngati wa ku Mars sungatheke ndi kamba wonyamula yekha. Apa mpomwe mwana wa kuno angapose anzake. Mufunseni kuti akanapatsidwa mpata akanatumiza mbewu yanji. Bonongwe? Nyemba? Nanga mizu idziwa bwanji kolowera? Nanga madzi othirira, poti kumeneko amabulungira n'kumayandama ngati timipira, afika bwanji ku mizu? Ajambule dimba lakelo ndi njira imene waganiza yekha, ngakhale ioneke yachilendo kwa inu. Akakonda za mwezi zomwezo, muuzeni za David Scott, amene mu 1971 anagwetsa hamala ndi nthenga nthawi imodzi ali pamwezi, zonse n'kufika pansi limodzi popeza kulibe mpweya wochedwetsa nthengayo.

Za zipangizo musadandaule. Alexei Leonov wa ku Soviet Union anajambula kutuluka kwa dzuwa ali mumlengalenga mu March 1965, ndipo anagwiritsa ntchito mapensulo amitundu amene anawamangirira ndi ulusi kuti asamuthawe. Machekeni a m'golosale akwana, ngakhale khala la pambaula limadetsa thambo bwino kwambiri.

Mufunse aphunzitsi ake za kukula kwa pepala, tsiku lomaliza kupereka, ndiponso ngati akufuna mawu ofotokoza chithunzicho. Ngati akufuna, alembe yekha ziganizo ziwiri: akuyesa chiyani, ndipo akuganiza kuti chichitika n'chiyani. Akamaliza, musachipinde. Chiikeni pakati pa makatoni awiri n'kuchikulunga m'jumbo, chifukwa chinyezi ndi mvula ya kuno zimafewetsa pepala mwana asanafike n'kusukulu komwe. Ndipo mudzatiikire pagulu pano tidzachione, ine ndikufunitsitsa kudziwa mbewu imene asankhe.