Tisamukire ku Aviemore ndi ana? Yankho kwa bambo wa ku Leeds

Bambo wina wa ku Leeds, ku England, wandilembera. Akazi ake ndi amene anabwera ndi visa yosamalira okalamba mu 2023, iye ndi ana awiri anatsatira. Mwana wamkulu, mtsikana, ali mu Year 11, chaka cholembera mayeso a GCSE. Wamng'ono ali ndi zaka 4. Mnzake wamuuza kuti ku Aviemore, ku Scotland, mahotela ndi malo obwereketsa zida za ski, masewera otsetsereka pa chipale chofewa, akusowa antchito, ndipo ena amapereka ndi chipinda chogona. Funso lake: kodi asamuke banja lonse Disembala asanafike?

Bambo, Disembala uno ayi. Mnzanuyo sakunama, ntchito ziliko, koma ntchito yanuyo si imene iyenera kutsogolera ulendo.

Tiyambe ndi chipale chofewacho, poti ndicho chakukopani. Ku Scotland kuli malo asanu ochitirako ski: Cairngorm Mountain, yomwe ili pafupi ndi Aviemore, Glenshee, The Lecht, Nevis Range ndi Glencoe. Mapiri ake ndi aafupi poyerekeza ndi a ku Alps, ndiye nyengo yake njosadalirika. Chaka chabwino anthu amatsetsereka kuyambira Disembala mpaka Epulo. Chaka china chipale chimagwa lero, mkucha mvula yachisungunula. Chikakhalapo, mphepo nayo imatha kutseketsa phiri tsiku lonse. Ngakhale sitima yokwezera anthu ku Cairngorm, yomwe inatsegulidwa mu 2001, inaima mu 2018 chifukwa cha zovuta za njanji yake, inayambanso kumayambiriro kwa 2023, n'kuimanso chaka chomwecho kuti ikonzedwenso. Ntchito yodalira phiri ili ngati ganyu wopalira: mvula ikadula, mwini munda sakuitanani. Choncho mufunse olemba ntchitowo kuti maola otsimikizika pa sabata ndi angati, ndipo alembe pa kontirakiti. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka kwa munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo anafika pa £12.21 pa ola mu Epulo 2025, koma ndalamayo ilibe tanthauzo ngati sabata ina mwaitanidwa masiku awiri okha.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti Aviemore sidalira chipale chokha. Ili m'kati mwa Cairngorms National Park, ndipo alendo oyenda m'mapiri, opalasa njinga ndi okaona nyanja ya Loch Morlich amadzaza tauniyo m'miyezi yotentha. Ntchito ya kukhitchini ya hotela yaikulu, yokonza zipinda, ya m'sitolo kapena yoyendetsa galimoto imatha kukhala ya chaka chonse. Fufuzani yoteroyo.

Tsopano nkhani yaikulu. Inu ndi ana mukukhala m'dzikomo chifukwa cha visa ya mayi. Inu mungagwire ntchito pafupifupi kulikonse popanda wokulembani kukupemperani chilolezo, koma mayi ndi omangika kwa kampani imene inawaitana. Akasiya ntchito ku Leeds asanapeze kampani ina yokhala ndi laisensi ya Home Office (unduna woona za ma visa), yowapatsa Certificate of Sponsorship yatsopano (chikalata chotsimikiza kuti yawalemba ntchito), visa yawo imafupikitsidwa, kawirikawiri kufika masiku 60, ndipo yanu ndi ya ana imatsata pambuyo. Asapereke kalata yosiya ntchito pongomva lonjezo la pafoni. Malamulo a visa imeneyi anasintha mu Malichi 2024, n'kusinthanso mu Julayi 2025, ndiye zomwe anachita mlamu wanu zaka zitatu zapitazo musazitenge ngati njira. Funsani mlangizi wovomerezeka ndi Immigration Advice Authority. Ubwino wake, dera la Highlands limasowa osamalira okalamba kwambiri. Ku Aviemore kulinso chipatala cha Badenoch and Strathspey chomwe chinatsegulidwa mu 2021, ndipo Inverness, komwe kuli chipatala chachikulu cha Raigmore, ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kudzera mu msewu wa A9. Kungoti mapepala a ku England sakwanira: ku Scotland mayi adzafunika kulowa mu PVG, ndondomeko yofufuza mbiri ya milandu ya munthu, m'malo mwa DBS ya ku England, komanso kulembetsa ku SSSC, bungwe loyang'anira ogwira ntchito yosamalira anthu.

Za chipinda chimene akulonjezacho, mufunse bwino. Nthawi zambiri chimakhala cha munthu mmodzi, khitchini n'kumagawana ndi achinyamata obwera kudzagwira ntchito nyengo imodzi. Ana salowamo. Ndipo ntchito ikatha, chipinda chathanso. Nyumba ya banja ndiyo imavuta koposa zonse ku Aviemore, chifukwa nyumba zambiri eni ake amabwereketsa kwa alendo kwa masiku ochepa kapena amangobwerako patchuthi. Vutoli linakula mpaka mu 2024 Highland Council inakhwimitsa malamulo osandutsira nyumba kukhala zogona alendo m'dera la Badenoch and Strathspey. Nyumba za khonsolo musaziwerengere, visa yanu sikulolani thandizo la boma la mtundu umenewo. Yang'anani ku Kingussie, Newtonmore, Grantown-on-Spey, ngakhale ku Inverness komwe. Mukapeza, onetsetsani kuti mwasaina Private Residential Tenancy, mgwirizano wa lendi wa ku Scotland umene ulibe tsiku lothera, ndipo dipoziti yake siyenera kupitirira lendi ya miyezi iwiri. Chenjerani ndi nyumba za alendo zomwe amazitsitsa mtengo m'nyengo yozizira: Epulo akamayandikira mwini wake amafuna nyumba yake. Mufunsenso kuti nyumbayo amaifunditsa ndi chiyani. Midzi yambiri kumeneko ilibe gasi wa m'mapaipi, amagwiritsa ntchito mafuta kapena magetsi, ndipo bilu yake m'Januwale imaliza munthu wamkulu.

Koma chimene chandichititsa kunena kuti ayi mosazengereza ndi mtsikana wanu. Scotland ili ndi maphunziro akeake. Kulibe GCSE m'sukulu zambiri za boma. A msinkhu wake ali mu S4, chaka chachinayi cha sekondale, ndipo akukonzekera mayeso a National 5, a silabasi ina, omwe amakhalanso ndi ntchito zowerengeredwa pa malikisi zimene anzakewo anayamba kale. Mukamuchotsa mu Disembala, mwamulanda GCSE imene wakhetsera thukuta pafupifupi chaka ndi theka, n'kumuponya pa mayeso achilendo atatsala ndi miyezi yosakwana isanu. Msiyeni alembe mu Meyi ndi Juni. Akatero angalowe S5 n'kuyamba ma Higher, omwe ndi amene mayunivesite amayang'ana. Sukulu kumeneko zimatsegulira pakati pa Ogasiti, osati Sepitembala, ndipo zambiri zimayamba maphunziro a kalasi yatsopano mu Juni momwe, ndiye lemberani sukuluyo msanga kuti amusungire malo pa maphunziro amene akufuna. Ku Aviemore kuli pulayimale yokha. A sekondale amakwera basi kupita ku Kingussie High School.

Wamng'onoyo alibe vuto. Ana a zaka 3 ndi 4 ku Scotland amalandira maola 1,140 pa chaka a nazale yaulere, ndipo ana ndi achinyamata osapitirira zaka 21 okhala kumeneko amakwera basi ulere akatenga khadi yake.

Simunanene za galimoto. Laisensi ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 yokha chifikireni, ndipo siisinthidwa ndi ya ku Britain ngati mmene amachitira ndi ya ku Zimbabwe kapena South Africa. Ngati simunalembe mayeso oyendetsa galimoto, lembani muli ku Leeds. Ntchito ya mayi yoyendera okalamba m'makomo kumidzi ya kumapiri siitheka popanda galimoto, ndipo mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane.

Mukafuna kuyesa, pitani nokha nyengo ino. Gonani m'kachipinda ka antchitoko, muone ngati maola akukwana, mufunse ngati adzakusungani chipale chikatha, muyendere nyumba ndi maso anu, mukaonekerenso ku nyumba zosamalira okalamba m'malo mwa mayi. Muwerengere ndalama ya sitima yobwerera ku Leeds, chifukwa mayi akamagwira usiku ana adzafuna wowayang'anira, ndipo nkhani imeneyo muikambirane awirinu musananyamule chikwama. Pofika Epulo pakhale zinthu zitatu zolembedwa: kalata ya kampani yatsopano ya mayi, mgwirizano wa nyumba, ndi yankho la sukulu. Zikakwana, samukani kumapeto kwa Juni mtsikana atalemba pepala lake lomaliza. Chimodzi chikasowa, bwererani ku Leeds ndi ndalama zomwe mwapeza.