Kwa amayi mwafunsa za ana kuphunzirira pakhomo nyengo yozizira ino

Asisi, post yanu ndaiwerenga kawiri nde ndati ndisangodutsa, chifukwa zimene mwalembazo ndi ine ndendende mu January 2021. Kwa amene simunaione, mayiwa akuti ndi winter yawo yoyamba kuno ku England, ali ndi ana awiri wa Year 1 ndi wa Year 4, sukulu yatseka kaye chifukwa cha snow komanso zotenthetsera zakusukuluko zafa, ntchito ya ana ikubwera pa app koma foni ndi imodzi, iwowo amagwira ya usiku ku care home, wamng'onoyo akutsokomola, nyumba ikuzizira ngati firiji ndipo pakhoma payamba kuda. Funso lawo ndi loti ayambire pati.

Yambirani pa chija mwachitchula mongodutsa kumapeto, choti bambo akunyumba akuganiza zolowetsa ka bbq ka makala m'nyumba kuti bilu ya gasi itsike. Chonde chonde ayi. Tonsefe tinakula tikumva nkhani za mu June ndi July kumudzi, anthu alowetsa mbaula kuchipinda, atseka chitseko ndi mazenera, kukacha osadzuka banja lonse. Mpweya umene umaphawo suoneka ndipo sununkha, ndi uja amati carbon monoxide, munthu umangomva mutu, chizungulire, nseru, kenako tulo basi. Nde taganizani nyumba zakwathu zimapumako m'malata ndi kunsi kwa chitseko koma anthu amafabe, nanji zakunozi zomata paliponse ngati botolo. Ngakhale zoyatsa uvuni nkusiya chotsegula kuti m'nyumba mufunde, musayerekeze. Kuyambira October 2022 landilodi akuyenera kuika alamu ya carbon monoxide m'chipinda chimene muli boiler, pitani mukadine batani lake lero muone ngati ikulira, ikapanda kulira mulembereni meseji, osati kuimba, kuti pakhale umboni.

Za kuzizira, a zaumoyo kuno amati chipinda chimene mumakhalamo chizifika madigiri 18. Sikuti nyumba yonse izitentha ngati ku Nsanje ayi, ife tinkasankha pabalaza basi, tonse mommo, zitseko za zipinda zina kutseka, makatani kutsitsa ikamakwana 4 koloko poti mdima umakhala wagwa kale, ana kuwaveka zovala zopyapyala zingapo mosanjikiza mmalo mwa chijuzi chimodzi chachikulu, sokosi osavula. Usiku botolo lija la madzi otentha, koma osathiramo madzi owira kumene ndipo likulungeni ndi kansalu, ana amapsa nalo.

Zakuda zapakhomazo ndi chuku, kuno amati mould, ndipo ndikukayika ngati chifuwa cha mwanayo sichikukhudzana nazo. Ine chaka choyamba ndinkangopukuta nkumati ndi litsiro. Chimabwera ndi chinyontho, ndipo ifeyo timapanga chinyontho chambiri osadziwa, nyemba zikuwira maola awiri, mphika wa nsima, zovala tayanika pa radiator, mazenera onse ndi otseka poopa mphepo, m'mawa mupeza galasi likulira madzi. Vindikirani mapoto, yatsani fani yakukhitchini ndi yakubafa, tsegulani zenera kwa mphindi 10 m'mawa ngakhale kukuzizira bwanji, bedi la ana litalikireko khoma pang'ono. Koma ngati khomalo likunyowa lokha kuchokera panja imeneyo ndi ntchito ya landilodi, jambulani zithunzi mumutumizire, akamazengereza mukadandaule ku council. Musachite manyazi kapena kuopa kuti poti ndife obwera atithamangitsa. Ku Rochdale mwana wa zaka 2 anamwalira mu December 2020 chifukwa cha chuku chomwechi makolo ake atadandaula mpaka kutopa, mpaka panabwera lamulo lotchedwa Awaab's Law potengera dzina lake, nde nkhani imeneyi kuno saitenganso mwachibwana.

Tsopano chifuwa. Musadabwe, a NHS, azachipatala a boma kuno, eni ake amanena kuti mwana kudwala chimfine ka 8 pachaka kapena kuposa apo ndi zabwinobwino, ndipo ana ongobwera kumene amatola chilichonse chodutsa m'kalasi. Ngati akudya, akumwa, akusewera, mpatseni zakumwa zambiri, madzi ofunda a ndimu ndi uchi amathandiza poti wapitirira chaka chimodzi, thupi likatentha nkumamusowetsa mtendere ndi paracetamol ya ana ija ya Calpol motsata zimene zalembedwa pa botolo. Aspirin ayi kwa mwana osafika zaka 16, ndipo mankhwala a chifuwa ogula pa shelefu sapatsa mwana osafika zaka 6. Ndiye pali ka khalidwe kathu kaja, tikamabwera timanyamula Bactrim ndi amoxicillin m'chikwama, mwana akangoti kho kho tamupatsa. Ndinkatero inenso sindikunama, ndinkakwiya kuti GP, dokotala wa m'dera amene timalembetsako, ndi wouma mtima bwanji kundibweza chimanjamanja. Koma chimfine ndi cha mavairasi, ma antibiotic sachigwira, mumangomuzoloweretsa mwana mankhwala pachabe tsiku lodzawafuna zenizeni adzakana kugwira.

Pamene simuyenera kudikira mpaka kuche ndi apa, mwana akubanika, nthiti zikulowa mkati akamapuma, wafooka moti sakudzuka bwinobwino, kapena milomo yasintha mtundu. Ana athu khungu lakuda siliwonetsa msanga, yang'anani mkati mwa milomo, lilime ndi zikhatho. Zikatero imbani 999, nambala yoitanira ambulansi, basi. Zina zongokukayikitsani monga thupi lafika 38 ndipo silikutsika masiku akupita, sakukodza, akukana kumwa, imbani 111, nambala ya NHS yofunsira malangizo, ndi yaulere usana ndi usiku. Chifuwa chikapitirira masabata atatu ndi kwa GP. Ndipo amene munapita kumudzi holide ya December, mwana akatentha thupi mutabwerako nenani poyambirira penipeni kuti tinali ku Malawi, chifukwa dokotala wakuno malungo sakhala m'mutu mwake ngati simunamuuze. Ngati simunalembetse ana kwa GP chitani sabata ino, ndi zaulere, ndipo mankhwala olembedwa ndi dokotala mwana osafika zaka 16 salipira. Zilonda zapakhosi kapena khutu mukhoza kuyambira ku pharmacy, kuyambira January 2024 amaloledwa kuona zimenezo. Fomu ya katemera wa flu wopopera m'mphuno uja ikabwera kuchokera kusukulu sainani, si jakisoni, ana saliranso.

China chimene palibe anandiuza mpaka ndinayamba kumva kuphwanya m'thupi ndi vitamin D. Kwathu sitiiganizira poti dzuwa ndi la bwerekete, kuno kuyambira October mpaka March dzuwa lake ndi lokongoletsa chabe, silipanga kanthu pakhungu. Amalangiza ma microgram 10 patsiku, ndipo ife a khungu lakuda amati ndi bwino chaka chonse. Ya ana ilipo ya madontho, siyodula.

Nde tibwere ku sukulu, pamene ndikuona kuti mtima wanu wakhala kwambiri. Ndikuuzeni zimene ndinachita ine kuti musazibwereze. Sukulu zitatsekedwa pa 5 January 2021 ndinalemba timetable pa katoni nkumata pa firiji, 8 koloko masamu, 9 koloko English, ngati ndine ahedi. Boma linali litanena kuti ana a Year 1 ndi 2 azipatsidwa ntchito ya maola atatu patsiku, a Year 3 mpaka 6 maola anayi, ine nkumati ndikwanitsa zonsezo ndikuchokera ku shifiti ya usiku maso ali psuu. Sabata yachiwiri isanathe ndinali nditakalipira mwana wanga wamkulu mpaka analira chifukwa cha samu yochotsera, ine ndikumuuza za kubwereka mmene anatiphunzitsira ku pulayimale, iye akujambula mzere wa manambala nkumadumphadumpha, aliyense akuti mnzake akulakwitsa pamene ansala ikutuluka imodzimodzi. Wamng'ono nayenso ndinamusokoneza, ine ndikumuimbitsa a e i o u yathu ija, pamene kuno amaphunzitsa phonics, kamvekedwe ka zilembo kachingerezi kamene a mmodzi yemweyo amamveka mosiyanasiyana, mwana nkundiuza m'maso muli gwa kuti amami Miss satero. Ndinakalowa kubafa nkulira ndekha.

Chinandipulumutsa ndi email imodzi yokha. Ndinaleka kudzionetsa ngati zonse zili bwino, ndinalembera aphunzitsi kuti ndimagwira usiku, ana ndi awiri, chipangizo ndi chimodzi, pa zonse mwatumizazi zofunika kwambiri ndi ziti. Ndinkaopa kuti andiona ngati mayi wosasamala, mwinanso andinenera kwa a social, aboma oona za chisamaliro cha ana. Aaa, anandiyankha tsiku lomwelo kuti zitatu zokha, kuwerenga, masamu pang'ono, kulemba pang'ono, zinazo mukapeza mpata. Anandibwereka laputopu yasukulu nkundikonzera mapepala osindikiza kale oti ndikatenge ku ofesi. Ifeyo tinaleredwa kuti mphunzitsi sumuuza mavuto ako, umangoti zikomo nkumakavutika kunyumba, koma kuno ukakhala chete amaona ngati zonse zikuyenda, ndipo thandizo limapita kwa amene wayankhula. Inuyo si mphunzitsi wa Year 4 ndipo palibe akuyembekeza kuti musanduke mphunzitsi sabata imodzi.

Mmene tinkachitira pambuyo pake ndi chonchi, ndikafika m'mawa tidye phala limodzi, onse avale zovala zenizeni osati ma pijama chifukwa mwana wa mu pijama mutu wake umakhala uli pa holide, wamkulu atenge chipangizo kwa mphindi 30 pamene wamng'ono akundiwerengera kabuku kake mokweza ine nditagona pa sofa, kenako asinthane. Mwana wa zaka 5 kapena 6 mphindi 15 zikakwana mutu wachoka, musalimbane naye, muimitseni adumphe, amwe madzi, abwerere. Ikamakwana 11 sukulu yatha ine ndikagone. Kwa wa Year 1 wanuyo limbikirani kuwerenga basi poti mu June amayesedwa phonics, ndipo ngati simukudziwa katchulidwe kake musapeke, onerani limodzi timavidiyo ta BBC Bitesize kapena Oak National Academy, ndi zaulere zonse. Wa Year 4 mu June amayesedwa ma times table mpaka 12, ndipo apa ndi pamene ife a ku Malawi timawina, tinaloweza ma tebulo poimba pansi pa mtengo mpaka lero sanachoke, muimbitseni mukutsuka mbale, foni siikufunikanso.

Ndipo musasiye kuwayankhula Chichewa poganiza kuti mukuwachedwetsa English. Ineyo aphunzitsi anachita kundilimbikitsa okha kuti pitirizani. Madzulo mdima ukagwa msanga muja asimbireni nthano za kalulu ndi fisi, awafunse kuti kenako chinachitika nchiyani, afotokoze okha mmene amvera, zimenezo ndi zomwe amayesa kusukulu mu reading, kungosiyana chiyankhulo.

Atulutseniko panja tsiku lililonse ngakhale mphindi 20, masana dzuwa lisanathawe. Ndikudziwa agogo anatiuza kuti mphepo imadwalitsa, koma chimfine amapatsirana anthu m'nyumba zotseka, mwana wovala jekete, chipewa ndi magolovesi palibe chimene chimuchitikire, ndipo amagona bwino usiku mmalo momakwera makoma. Pa snow yendani ngati bakha, ine ndinagwa chagada pa geti anthu akuona. Library yakwanuko ikakhala yotsegula pitani, khadi ndi yaulere, muli kompyuta, intaneti, ndipo mumafunda pa bilu ya eni ake.

Pa nkhani ya chakudya, ana onse a Reception, Year 1 ndi Year 2 m'sukulu za boma amadya nkhomaliro yaulere posatengera visa. Wa Year 4 zimatengera ndalama zimene mumapeza, koma ngakhale visa yanu ili yolembedwa no recourse to public funds, kutanthauza kuti simuloledwa kulandira thandizo la ndalama la boma, funsanibe ku ofesi, kuyambira 2022 mabanja otere amaloledwa kupempha ngati malipiro ali ochepa. Ambiri sitifunsa poopa kuti ziononga mapepala.

Chomaliza chimene chikundidetsa nkhawa ndi mashifiti anuwo. Simunanene ngati bambo amakhala pakhomo usiku, koma ngati nonse mumatuluka musayerekeze kusiya wa zaka 8 akulera wa zaka 5 mmene tinkachitira kwathu, kumene anebala ndi azakhali amakhala pakhonde pompo. Lamulo lakuno silitchula zaka zenizeni koma ndi mlandu kusiya mwana yekha pamene angakumane ndi ngozi, ndipo a NSPCC, bungwe loteteza ana kuno, amati osafika zaka 12 asamasiyidwe okha nthawi yaitali. Anebala akuno sakufunsani, amangoimba foni. Sukulu ikatseka mwadzidzidzi chonchi muli ndi ufulu wopempha nthawi kuntchito kuti mukonze za ana, kungoti nthawi zambiri salipira. Ife tinapanga chipereganyu cha ana amayi atatu, wa off ndi amene amatenga onse tsiku limenelo, aliyense abweretse chakudya cha ana ake, kupatula amene watsegula m'mimba kapena kusanza, ameneyo akhale kwawo maola 48 chisiyireni, lamulo lomwe lakusukulu lija.

Nenani tauni imene muli mu comment, muno muli amayi ambiri mwina wina ali msewu wachiwiri kuchokera kwanu. Ine ndili ndi majekete awiri ndi ma wellies, majombo a mphira aja, amene ana anga anawakula, ngati saizi ingakwane ndipezeni ku inbox ndikutumizireni Loweruka. Koma ka bbq kaja katuluke panja lero lomwe, muwauze bambo kuti ndanena ndine.