Gulu labalalika, tisewere bwanji D&D?

Wina wandilembera imelo kuti ankasewera Dungeons & Dragons (D&D), masewera a nthano amene aliyense amakhala munthu wina wa m'nkhaniyo, ndi anzake pa tebulo limodzi ku Zomba, koma pano wina ali ku Joni, wina ku Leeds, iye watsala ku Lilongwe. Akufunsa ngati alipire Roll20 kapena agule Foundry VTT, mapulogalamu osewerera masewerawa pa intaneti. Achimwene, mwandigunda pachilonda, chifukwa gulu lathu nalonso linamwazikana chimodzimodzi.

DM wathu, mnzathu amene ankatsogolera nkhani, anagwa m'chikondi ndi mapu a pa intaneti. Ankachezera usiku wonse kujambula phanga, kuika makoma, kukonza zoti muuni uziwala pokhapo pamene munthu wako wa m'nkhaniyo waima. Ntchito yooneka bwino ndithu. Tsiku losewera likafika, laputopu yakale ya mnzathu wina inkangolira fani, chithunzi osatseguka, bandulo ikupita. Theka la nthawi linkathera pa "mukundimva? Ine ndikukumvani, koma inu mukuduladula." Mapeto ake DM uja anatopa, poti ankakonza zinthu zimene ena sitinkaziona n'komwe.

Ndiye ndinene mosapsatira mawu: masewerawa ndi a pakamwa, mapu ndi zokometsera chabe. Pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson ankatulutsa D&D mu 1974, zida zake zinali pensulo, pepala ndi madayisi. Zili ngati nthano za kwa agogo, wina akati "padangotero" enanu muyankhe "tili tonse". Ngati "tili tonse" sakumveka chifukwa netiweki yatanganidwa ndi kukoka zithunzi, palibe chimene mukusewera. Makamera nawonso zimitsani. Nkhope za anzanu mumazidziwa kale, ndipo vidiyo ndi imene imadya bandulo kwambiri.

Za madayisi ndi nkhani ina. Tinali ndi wina amene akaponya dayisi lake kunyumba, patebulo limene sitikuliona, 20, nambala yapamwamba pa dayisi la mbali 20, inkangobwera pafupipafupi modabwitsa. Sitinamunene kuti akuba, tinangoika Avrae, kapulogalamu koponya madayisi, mu Discord, pulogalamu yochezera pa intaneti. Umalemba !r 1d20+5, zotsatira zimatuluka aliyense akuona, mwayi wa bambo uja n'kubwerera mwakale.

Koma chimene chimapha magulu ambiri ndi wotchi. Lilongwe ndi Johannesburg nthawi yake ndi imodzi. Wa ku Leeds amatsalira ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Marichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, miyezi yotsalayo amatsalira ndi maola awiri. Mukangoti "tikumane 8 koloko" osanena ya kwa ndani, wina adzalowa mutapha kale chinjoka. Sankhani tsiku limodzi losasuntha, wina akajomba ena sewerani ndithu.

Tsono mugwiritse ntchito chiyani?

Discord ya mawu, Avrae ya madayisi, ndipo pa ndewu pokha tsegulani Owlbear Rodeo ya mapu, yopepuka, imatseguka ngakhale pa foni. Roll20 ilipo kuyambira 2012 ndipo akaunti yake yaulere ndi yokwanira poyambira, musathamangire kulipira. Foundry mumagula kamodzi ndi madola 50, koma imayenda pa kompyuta ya mwini wake, choncho magetsi akathima kwa iyeyo nonse mwatuluka, pokhapokha mulipirenso malo oisungira pa intaneti. Mukaifunabe, aigule wa ku Leeds uja.