Funsani Makaniko: Kodi makalipa a radial angandithandize pa mtsetse wa ku Nkhata Bay?

FUNSO: Amakaniko, ndili ndi Honda CB400 Super Four yomwe ndinagula kwa munthu. Loweruka lililonse ndimatsika nayo ku Nkhata Bay kukaona makolo, nthawi zina mayi a kunyumba ali kumbuyo. Ndikafika pakati pa mtsetse buleki ya kutsogolo imalobodoka, ndikafinya chogwirira chimafika mpaka pa zala. Pa Facebook wina akugulitsa makalipa a radial, akuti amagwira ngati nkhanu. Ndigule? — Chisomo, Katoto, Mzuzu

YANKHO: Achimwene a Chisomo, ndalamazo zisungeni kaye.

Kalipa ndi chitsulo chomwe chimapanitsa mapadi a buleki pa disiki ya tayala. Kusiyana kwa radial ndi kalipa yanuyo kuli pa kamangidwe. Yanuyo mabawuti ake amalowa cham'mbali, molingana ndi ekiselo ya tayala. Ya radial mabawuti amaloza pakati pa tayala ngati masipoko. Ikamangidwa choncho sigwedera mukafinya mwamphamvu, ndipo mapadi amapana disiki mofanana. Zinayambira pa njinga za mpikisano, kenako mu 2003 Suzuki GSX-R1000 ndi Kawasaki ZX-6R zinatuluka nazo. Ndi zabwino, sindikana.

Koma mafoloko a njinga yanu, zitsulo ziwiri zogwira tayala la kutsogolo zija, alibe pomangira radial. Muyenera kusintha mafoloko, kapena kuika buleketi yolumikizira, komanso kudziwa ngati mtunda wa pakati pa mabawuti ndi 100 mm kapena 108 mm. Buleketiyo ndiyo imandisowetsa tulo. Mwezi watha mnyamata wina wa ku Chibavi anabwera nayo pa galaja panga, yodula ndi galainda n'kuwotcherera. Inali itapendekeka pang'ono chabe, koma padi imodzi inali itadyeka mbali imodzi ngati mpeni wonola, ndipo pafupi ndi bowo la bawuti panali mng'alu wowonda ngati tsitsi. Ndinakana kuibwezerapo, anachoka atakwiya. Chitsulo chimenecho chikathyoka pakona, palibe chokuimitsani.

Vuto lanu ndikuliona m'mafuta a mabuleki. Mafutawa amayamwa chinyontho, ndipo ndi nkhungu ndi mvula yathu ya kuno ku Mzuzu sachedwa kutero. DOT 4, mtundu wa mafutawa, ikakhala yatsopano imapirira kutentha kwa madigiri 230, koma ikayamwa madzi imatha kuwira pa 155. Pa mtsetse wautali, anthu awiri, dzanja lili pa buleki, mafuta amawira, mpweya umadzaza mupaipi, chogwirira n'kumira. Kalipa ya radial singachize zimenezo.

Tsegulani kabokosi ka mafuta pa handulo. Akakhala akuda ngati tiyi wopanda mkaka, tayani onse, thirani DOT 4 ya m'botolo losatsegulidwa, mutulutse mpweya bwinobwino. Muzitero zaka ziwiri zilizonse. Mapaipi a labala akakalamba amafufuma mukafinya, ndiye ikani olukidwa ndi waya wachitsulo. Mapisitoni a kalipa atsukidwe, chifukwa dothi lofiira limawakakamiza. Mapadi akhale enieni, osati otchipa aja amene amanunkha kupserera mukangotsika phiri limodzi. Yang'ananinso tayala la kutsogolo, chifukwa likakhala lakutha, buleki yamphamvu imangolitereretsa.

Ndipo chonde, potsika ku Nkhata Bay lowetsani giya yachitatu kapena yachiwiri, injini izigwira njinga, buleki muzifinya n'kusiya kuti izipuma. Mukachita zonsezi koma ikumirabe, bwerani nayo tione pampu ya pa handulo, mwina timalabala ta mkati tatha.