Kusiyanitsa chloride, bromide ndi iodide pogwiritsa ntchito silver nitrate

Aphunzitsi, ngati ana akulephera kusiyanitsa nsenga zimene zimapangika mukathira silver nitrate m'machubu atatu a chloride, bromide ndi iodide, musadalire maso okha. Tsimikizani ndi ammonia. Nsenga zoyera za silver chloride zimasungunuka mu ammonia wochepa mphamvu, za silver bromide zimafuna ammonia wamphamvu, pomwe zachikasu za silver iodide sizisungunuka ngakhale mutathira wochuluka bwanji.

Kwa ine chomwe chinkasokoneza kwambiri chinali madzi. Ndinkatsuka machubu ndi madzi a pampopi, osadziwa kuti ali kale ndi chloride, ndiye chubu chilichonse chinkachita mbuu ndikangothira silver nitrate, ndisanathire n'komwe mchere wofuna kuuyesawo. Gwiritsani ntchito madzi a distilled basi, ndipo yambani ndi madontho angapo a nitric acid wochepa mphamvu kuti carbonate, yemwenso amapanga nsenga ndi silver nitrate, asakunamizeni. Musathire hydrochloric acid, chifukwa mukhala mukuwonjezera chloride yemwe mukumufufuzayo.

Mtundu wa bromide ndi wovuta, uli pakati pa kuyera ndi chikasu. Ikani machubu onse pamodzi kutsogolo kwa pepala loyera, ana aone nthawi yomweyo, chifukwa machubuwo akakhalitsa pa kuwala nsenga zimayamba kuda.

Silver nitrate amadetsa khungu, choncho ana avale magolovesi ndi magalasi oteteza maso. Ammonia wamphamvu mutsegulire mu fume cupboard (kabati ya m'labotale yokoka mpweya woipa), ndipo muthire nokha. Zosakaniza za silver ndi ammonia musazisunge mpaka mawa, zimatha kupanga mankhwala ophulika. Funsani katswiri woyang'anira labotale njira yoyenera yozitayira tsiku lomwelo.